Phiko limodzi pa mwala wa a Kaputeni

Faifi koloko m'mawa inapeza mai Philomena ali kale pa mzere wa pa mjigo ndi wilibala yodzaza zigubu, chifukwa ku Mbizo kuno, ku Kwekwe, mipopi inali itaumanso sabata imeneyo. Ine ndinali pambuyo pawo. Amuna awo, bambo Elifas Mbewe, anali kunyumba akukonzekera ulendo wa ku Harare. Kukonzekerako kunali kudikira madzi osamba.

"Lero akupita kukafuna nambala," anatero mai Philomena.

"Ya foni?"

"Ya agogo awo. Ya usilikali."

Anapopa mjigo mpaka zigubu zonse kudzaza.

A Mbewe ndi aneba anga chikwatiwire changa mu mzere uno, mpanda wathu ndi umodzi. Anabadwira mu komboni ya mgodi monga bambo awo, ndipo ku Malawi sanapondeko, ngakhale akamati kumudzi amatanthauza ku Nkhotakota. Anagwira ntchito yowotcherera zitsulo pa fakitale ina mpaka inatsekedwa. Masiku ano amawotcherera mageti ndi zotchingira mawindo pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo, magetsi akakhalapo. Akapanda kukhalapo amakhala pa chitini cha penti n'kumafotokozera odutsa mmene dziko likuyendera. Ndi mkulu wa mpingo, mowa salawa, ndipo Chichewa chawo sichiyenda mtunda wautali chisanakumane ndi Chishona.

M'chipinda chawo chochezera muli chithunzi chimodzi chakale. Munthu wamtali waima njo, wavala zoyera zokhazokha: malaya, kabudula wosita mpaka kuthwa, masokosi ofika m'mawondo. Pachifuwa pali mamendulo, m'khwapa muli ndodo yaifupi, kumutu chipewa cha asilikali a ndege chokhala ndi chizindikiro cha mapiko. Amenewo ndi agogo awo, Yoswa Mbewe, amene anabwera kuno wapansi kuchokera ku Nkhotakota nkhondo yachiwiri isanayambe. Aliyense amene anawadziwa ankawatchula Kaputeni. Anamwalira a Elifas asanayambe sukulu. Chimene banja linkadziwa n'chakuti nthawi ya nkhondo agogowo anali ku bwalo la ndege la ku Gweru, kumene Angerezi ankaphunzitsira anyamata awo kuulutsa ndege. Zotsalazo a Elifas anazichita monga mwa ntchito yawo. Anatenga chipewa, mamendulo, dzina ndi bwalo la ndege, n'kuziwotcherera pamodzi, panatuluka kaputeni wa ndege za nkhondo.

Chaka chatha banja linagwirizana zoika mwala pamanda a agogowa, kumanda akale a pa mgodi, pomwe chizindikiro chinali kachitsulo kadzimbiri. Tsiku lovundukula mwala linaikidwa pa tchuthi cha mu Ogasiti, pamene achibale a ku Joni amatha kubwera. A Elifas analengeza ku tchalitchi, ku sosaite ya maliro ndi pa gulu la banja la pa foni kuti mwalawo ndi wa msilikali wa ndege, ndipo anthu abwere atavala moyenera. Gadi, amene amasema miyala ya pamanda m'mbali mwa msewu wa ku tauni, anavomera kujambula ndege pamwamba pa dzina. Anangofunsa chinthu chimodzi, akuwatchula mudhara monga Ashona amatchulira munthu wamkulu.

"Ko nambala, mudhara? Msilikali aliyense amene ndamulembapo amakhala ndi nambala pansi pa dzina. Popanda nambala anthu amati mwangodzipatsa."

Kuyambira tsiku limenelo a Elifas anakhala munthu wofufuza. Ku tchalitchi ankanena kuti ntchitoyi akuigwira okha. Mwana wawo wamkazi Leticia, amene ndi mphunzitsi ku Gokwe, ndiye ankalemba makalata a pa foni opita ku maofesi a asilikali ku Ingalande, akamaliza kuchonga makope a ana. Mai Philomena ndiwo ankachapa ndi kusita malaya a ulendo, kuphika mbatata ndi mazira zodya panjira, ndipo bambo akachoka ankakhala pansi pa mango kuuza eni mageti kuti geti lawo latsala pang'ono.

Ku Harare, kunyumba yosungirako zakale, anawalandira bwino. Anawabweretsera mabokosi a mapepala, iwo n'kuwerenga mpaka m'maso kufiira. Anapezamo za asilikali akuda amene ankalondera mipanda ya mabwalo a ndege, ndi za anthu amene ankatengedwa kukasalaza mabwalowo. Yoswa Mbewe munalibe. Anabwerako ndi chithunzi chawo ataima pa geti la nyumbayo, ndipo anachitumiza pa gulu la banja ndi mawu akuti kafukufuku akuyenda bwino.

Ulendo wina anapita ku Gweru kukaona ndege zakale zimene zimasungidwa kumeneko. Bambo wina woonetsa alendo anayang'ana chithunzi cha agogo chimene chinali mu foni, n'kunena mofatsa kuti masiku amenewo munthu wakuda kuno sankaloledwa kuulutsa ndege, ndipo yunifolomu yoyerayo iye sanaionepo.

"Maona?" anandiuza a Elifas madzulo ake pa mpanda. "Ngakhale mwini ndege sanaionepo. Si ya aliyense imeneyi."

Yankho la ku Ingalande linabwera mochedwa. Linati akupepesa kwambiri, dzinalo silikupezeka m'mabuku awo. Leticia anawawerengera pa foni, iwo anati abwerezenso.

"Akupepesa kwambiri," anatero. "Mzungu sapepesa popanda chifukwa. Pali chimene akudziwa."

Nthawi imeneyi Julaye anali atalowa, mphepo yake ikudutsa pansi pa zitseko. Gadi anatumiza uthenga kuti iye sangadikire mpaka kalekale, miyala ya mu Ogasiti imakhala yambiri. A Elifas anati ayambe ndege, nambala ili m'njira.

Kuseri kwa nyumba yanga kuli chipinda chimene amagonamo Chiletso akakhala kuno. Ndi mtsikana wa ku Nkhotakota kwenikweniko, amayenda pakati pa Malawi ndi Kwekwe ndi mpunga, zitenje ndi usipa wouma. Tsiku lina anakapereka mpunga kwa mai Philomena, ine ndinamuthandiza kugwira thumba. Anatikhazika m'chipinda chochezera, a Elifas ali pomwepo akumwa tiyi. Chiletso atapereka moni anakweza maso kukhoma.

"Kodi kunonso kunali malipenga?"

"Malipenga a chiyani?" anafunsa a Elifas.

"Agogowo. Atchena bwanji. Kaputeni ameneyu, ndodo ndi imeneyo."

A Elifas anaika kapu pansi mokondwa. "Maona, mai? Mwana wangofika, wadziwiratu."

"Kwathu gulu lililonse lili naye," anapitiriza Chiletso. "Pamakhala Kingi, pamakhala Kaputeni, pamakhala Dokotala. Amaguba ngati asilikali, zoyera zokhazokha, ng'oma pakati, ena akuimba malipenga a zikho. Malume anga ndi Dokotala chiyambire ndili mwana. Jakisoni sanabayepo munthu."

"Iwe ukunena gule."

"Eya bambo, gule."

"Awa ndi asilikali a ndege."

Chiletso anaimirira n'kuloza m'mphepete mwa chithunzicho. Pamenepo pakuoneka dzanja la munthu wina amene wojambula anamudula, litagwira chinthu chakhosi lalitali, chotupa kunsonga. Ndakhala ndikulowa m'nyumba imeneyo zaka zambiri, koma dzanjalo ndinaliona tsiku limenelo.

"Lipenga ndi ilo."

"Chimenecho n'chitsulo cha ndege," anatero a Elifas. "Iwe mwana wabwera dzulo. Ine zitsulo ndazigwira usanabadwe."

Chiletso anagwada. "Pepani bambo, mwina ndalakwitsa."

Titatuluka pa geti anandiyang'ana. "Sindinalakwitse, mayi."

A Elifas sakanatha kuwadziwa malipenga. Pamene ankakula, m'makomboni munali mutatsala zinyau, zimene bambo awo ankawaletsa kuonera, ndi mpira. Komabe mawu a Chiletso anawakhala pakhosi. Mai Philomena ndiwo anawakumbutsa kuti ku Mambo, ku Gweru komweko, kuli azakhali awo aNambewe, mwana womaliza wa a Kaputeni amene adakali moyo. Loweruka anakwera kombi, bambo patsogolo pafupi ndi dalaivala, mayi kumbuyo atafungatira chithunzi chokulunga m'chitenje kuti galasi lisasweke. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza mai Philomena, ndipo iwo sawonjezera nkhani.

Anawapeza aNambewe padzuwa, kuseri kwa nyumba ya mwana wawo, akuswa mtedza. Zaka zawo zikuyandikira makumi asanu ndi anayi. Mpongozi wawo amagulitsa chiponde pa msika, ndipo mtedza wonse wa chipondecho umadutsa m'zala za gogoyu, amene pakhomopo amanenedwa kuti akupumula. Atalonjerana, mai Philomena anamasula chitenje. ANambewe anayandikitsa chithunzicho kumaso.

"Kabudula ameneyu anandiwotcha," anatero, n'kupinda mkono wa juzi kuonetsa chipsera chakale. "Simbi yamakala. Ndinali kamtsikana."

"Tete," anatero a Elifas, poitana azakhali awo mwa Chishona, "ndabwera kudzafunsa za usilikali wa sekuru."

"Usilikali uti?"

"Wa ku bwalo la ndege."

"Ku bwalo la ndege ankatchetcha udzu. Chikwakwa m'manja, m'mawa mpaka madzulo, kuti ndege za anawo zisakodwe. Udzu ukatha ankathamangitsa ng'ombe. Nkhondo itatha ndi pamene tinabwerera ku mgodi."

"Nanga chipewacho?"

"Chipewacho n'chenicheni. Anachitola kudzala la azungu chili ndi mafuta a galimoto. Amayi anachichapa sabata yonse."

"Mamendulo?"

"Zivindikiro za zitini za polishi. Ankazisula okha ndi hamala, timaliboni amayi n'kusokerera. Loweruka lililonse amayi ankachapa zoyerazo, n'kuziviika m'phala lamadzimadzi kuti ziume gwa, ine n'kusita. Osati za bambo okha ayi. Za gulu lonse, poti mkazi wa Kaputeni. Lamulungu amunawo akuvina, anthu akuwomba m'manja, ife tili kumbuyo ndi ndowa ya madzi akumwa. Akavina fumbi lonse lija, Lolemba zibwerere kwa ife."

A Elifas anayang'ananso chithunzicho. Kenaka anafunsa ngati agogowo anakwerapo ndege, ngakhale kamodzi.

"Anakwera njinga imvi zitayamba kale. Nayonso anagwa nayo."

Mai Philomena akuti apa anaweramira m'lichero n'kuyamba kuthandiza kuswa mtedza.

"Ndiye ukaputeniwo unali wabodza," anatero a Elifas.

"Iwe, samala pakamwa. Umenewo ndiye usaukayikire. Akaliza wezulo, amuna ochokera m'migodi yonse yozungulira ankaima ngati mitengo ya magetsi. Anthu amene sabata yonse ankatchedwa boyi. Mzungu woyang'anira komboni ankabwera kudzaonera atanyamula yekha mpando wake. Kaputeni wa ndege ndani anamuonapo kuno? Bambo anga anthu anawaona."

"Nanga baba sanatiuze bwanji?"

"Achimwene atalowa ukulu wa mpingo ankati n'zachibwana. Chithunzi anachisunga chifukwa cha chipewa."

"Inunso tete simunanene."

"Unandifunsa? Ku Harare wapita. Ku Ingalande walembera. Ku Gweru kuno wafika n'kukaona ndege zakufa, ku Mambo osakhota. Ine ndimangomva mdzukulu akundiwerengera za pa foni kuti kafukufuku akuyenda bwino. Ndinati muleke ayende."

A Elifas anafotokoza kuti nkhaniyo yafika patali. Abusa akudziwa, a sosaite akudziwa, a ku Joni ena agula kale majekete. Anafunsa ngati sizingatheke kungozisiya mmene zilili, poti mwala sulankhula.

"Mwala sulankhula, koma ine ndimalankhula. Ndidzabwera, ndidzakhala kutsogolo. Ndikadzaona ndege pamutu pa bambo anga, akadzandipatsa mpata, ndidzayambira pa chikwakwa." Anathira makoko a mtedza pansi. "Chinanso. Pambali pawo pagona amayi anga, mulu wokhawokha. Dzina lawo ukulidziwa?"

A Elifas anati agogo aakazi.

"Esinala. Ulembe pena pake, poti ndiwe wofufuza."

Pobwerera anakhala onse kumbuyo kwa kombi. Chithunzi ananyamulabe mai Philomena.

Masiku otsatira magetsi analipo, koma pansi pa mango sipanamveke kuwotcherera. A Elifas ankakhala pa chitini chawo osaitana odutsa. Lamulungu ku tchalitchi munthu wina anawafunsa ngati nambala yapezeka, iwo anayankha kuti nkhani za asilikali n'zovuta. Ine ndinkayembekeza kuti aimba foni ku Mambo kukanyengerera, kapena aiwala kutumiza galimoto yokatenga azakhali pa tsikulo. Anthu amachita zimenezo. Iwo Lachiwiri anavala ovolosi yawo n'kupita kwa Gadi.

Mwala unali utagona pa matayala akale. Dzina linali litalembedwa kale, KAPUTENI YOSWA MBEWE, ndipo pamwamba pake panali phiko limodzi la ndege, losemedwa mozama bwino. Phiko linalo ndi thupi zinali za choko.

"Ndegeyo isiye," anatero a Elifas.

"Ndiisiye bwanji, mudhara? Ndayamba kale."

"Fufuta."

"Choko ndifufuta. Phikoli lalowa. Mwala si bolodi ya kusukulu."

"Mwala wina?"

"Mu Ogasiti uno? Mukaupeza mundiuze, inenso ndikuufuna."

Anaima onse awiri akuyang'ana phikolo. Gadi anati akhoza kulisandutsa nsomba, popeza kwawo kwa malemu kuli nyanja, kapena tsamba, kapena mpeni ngati malemu anali wophika. Anati chaka china anasandutsa galimoto kukhala Baibulo, banja litakangana. A Elifas anafunsa ngati lingathe kukhala lipenga la chikho. Gadi ndi Mshona wa ku Zvishavane, chinthu choterocho sanachimvepo. A Elifas anayesa kuchijambula ndi choko pansi, chinatuluka ngati chubu cha njinga chotupa. Anamuonetsa m'mphepete mwa chithunzi cha mu foni, koma pamenepo chikuoneka theka.

"Ndibweretsereni chenichenicho ndichione," anatero Gadi. "Nanga pa malo a nambala ndilembe chiyani? Ndinasiya mpata."

"Lemba kuti ndi mkazi wake Esinala."

"Ndi ndani ameneyo?"

"Wochapa yunifolomu."

"Zaka zake?"

A Elifas anati akafunsa ku Mambo.

Madzulo ake analemba okha pa gulu la banja, osadzera kwa Leticia. Anati kafukufuku watha, sekuru anali Kaputeni monga zinanenedwera, koma wa gulu lina, ndipo tete adzafotokoza pa tsikulo. Mlamu wawo wa ku Joni anafunsa ngati jekete abwere nalobe. Anayankha kuti abwere nalo, kumanda kumazizira. Kwa abusa anapita ndi miyendo, anakhalako nthawi yaitali, ndipo zimene anakambirana sindikuzidziwa. Mai Philomena akuti pobwera anadya bwinobwino.

M'mawa mwake ndinaona a Elifas ataima pa khomo la chipinda cha Chiletso, chipewa chili m'manja. Sanamutchule mwana wobwera dzulo. Ankati achemwali. Chiletso anali akulongedza zitenje zopita nazo ku msika, koma anasiya n'kuwafotokozera za lipengalo, akuonetsa ndi manja kutalika kwake, pobowola pake, ndi mmene amagwirira. Kenaka anaguba pang'ono pakhondepo, phazi kutsogolo, phazi kumbuyo, mutu uli chilili. A Elifas anayang'ana kumsewu ngati kukubwera munthu wa mpingo. Kunalibe. Chiletso anachedwa ku msika tsiku limenelo, malo ake abwino anapeza atakhalapo wina.

Dzuwa litapendeka ndinali kuthirira masamba kuseri, ndi madzi otsukira mbale. Ndinamva kutsokomola pa mpanda. Anali a Elifas.

"Mai a Nomatter, maswera sei?"

"Ndaswera, kaya inu bambo?"

"Taswera. Zikho zija zauma pa denga la khola lanu la nkhuku, muli nazo ntchito?"

Ndinati ndimafuna kupangira zomwera.

"Mundipatseko chimodzi, chakhosi lalitali. N'choti Gadi akaonere basi, ajambule pamwala." Anakanda m'mutu. "Mukachidule kunsonga, muchotse njere, mupale m'kati bwinobwino. Pambali pa khosi mubowole kabowo kakang'ono, a Chiletso akuonetsani. Si ntchito yaikulu, inu manja anu ngozolowera."

Ndinati ndamva.

Sanachoke. Anayang'ana zikhozo, anayang'ana kunyumba kwawo, n'kutsitsa mawu.

"Akuti kuti chilire, pakabowopo pamamatidwa kachikopa koyera kaja kamene kangaude amaikiramo mazira. Kwathu ndafunafuna, mulibe. Kwanu ndinakaona tsiku lija, kuseri kwa kabati. Musakasese. Mukachotse bwinobwino ndi lumo, kasang'ambike, mundisungire."